Kiyi wa Suzuki ya a Gerevazio

Jakilini anatembenuza matiresi n'kuyamba kuwapapasa m'mbali ndi zala zake za zikhadabo zopaka zofiira. Atalephera pamenepo anakoka sutikesi kunsi kwa bedi. Anatulutsa zitenje za Agnesi chimodzichimodzi, kukutumula, kuponya pansi, kukutumula, kuponya pansi. Ngakhale chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi, chimene mwini wake ankavala pa Misa pokha, chinagwera pafumbi pomwepo.

Agnesi anali pamphasa pakhomo la chipindacho, miyendo atatambasula, duku lakuda kumutu. Amuna ake, a Gerevazio, anali atangoikidwa kumene kumanda a kwawo kufupi ndi Kasina. Dothi la pamtumbira linali lisanaume n'komwe, koma mkazi wa mlamu wake anali kale m'chipinda chake chogona, kusakasaka kiyi wa galimoto.

"Mayi a Tamanda, tangotiuzani basi, tisavutane," anatero Jakilini osacheuka.

"Ndanena kale. Sindikudziwa."

"Mkazi wa pakhomo osadziwa pamene mwamuna wake amaika kiyi?"

"Kaya kwanu ku Lilongwe. Kuno ine sanandionetsepo."

Jakilini anatsonya n'kupitiriza kukutumula. Koma zoona zake zinali zomwezo. Akanadziwa pamene panali kiyiyo, Agnesi akanamutenga yekha n'kuwaponyera pamapazi, atenge chinthu chawocho azipita. Galimoto imeneyo iye sanaikondepo ngakhale tsiku limodzi.

Inali panja, pansi pa chisakasa cha udzu: Suzuki yoyera, yaing'ono, yamakona ngati bokosi la machesi. Benedicto, mng'ono wawo wa malemu, ankaizungulira manja ali kumbuyo, akumenya matayala ndi nsonga ya nsapato. Nsapatozo zinali zitatuwa ndi fumbi. Pobwera kumaliro anabwereka Pajero kwa mnzake kuti afike ngati munthu wamkulu, koma msewu wokwera kumudzi uno, m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, umadutsa pakati pa miyala iwiri ikuluikulu pamalo amene anthu amati pa Mpata. Pajero inangofika pamenepo n'kugwira njakata. Bwana anatsika n'kukwera phiri wapansi ngati wina aliyense, ndipo m'mawa mwake mwini Pajero anatuma dalaivala kudzatenga galimoto yake.

Benedicto ameneyu anamulera ndi Agnesi. Anafika pakhomo pano ali ndi zipere m'mutu, n'kumapita kusukulu ya mishoni atavala kabudula amene Agnesi anasoka ndi manja ake. Lero anali ndi mimba, wotchi yonyezimira, ndi mtima wofuna kukaimira dera lino ku Nyumba ya Malamulo pachisankho chikubwerachi. Chiyambire matipate, aliyense wokhala ndi jekete ankadziona ngati phungu.

"Achimwene anali munthu wabwino, koma pa galimoto analakwitsa," Benedicto ankauza a Kenan, mchimwene wake wa Agnesi, amene analinso nkhoswe ya banjali. "Suzuki yotere ndi ya ansembe ndi masisitere. Ikanakhala Vitara bola, imaoneka ya munthu. Ngakhale Feroza. Koma tsopano kwabwera ina ya Toyota, akuti RAV4. Imeneyo ndiye galimoto, bambo. Si yaikulu ngati Pajero, koma ukatsikamo anthu amadziwa kuti kwabwera munthu."

"Eya, n'zoona," anavomera a Kenan, amene chibadwire sanayendetsepo china choposa ngolo.

"Ndalankhula kale ndi wogulitsa magalimoto ku Lilongwe. Iyi ndimusiyira, ndiwonjezerapo pang'ono, nditenga RAV4. Dzina la achimwene lipitirira mwa njira imeneyo."

Agnesi anamva mawuwo kudzera pazenera ndipo anadzifunsa kuti kulankhulako kunachitika liti. Kuchipatala munthuyu anabwerako kamodzi kokha, ndi botolo la Sobo, n'kuima kutali kumiyendo kwa bedi ngati matendawo amudumphira. Ndiye kuti pochoka pamenepo ndi pamene anapita kukasankha galimoto.

Benedicto anasuzumira pagalasi, n'kuona kuti kumbuyo mulibe mpando, muli kamatiresi kopyapyala ndi bulangeti. Anabwera pakhonde, n'kudziponya pa benchi imene inali pamenepo, n'kuitana.

"Alamu, tatulukani. Mpando wakumbuyo wa galimotoyi mwagulitsa?"

Agnesi anatuluka ndi mphasa yake n'kukhala pansi. "Ndi umene mwakhalirawo."

"Unachoka bwanji m'galimoto?"

"Anachotsa eni ake kuti odwala azigona. Ndi maliro omwe."

Atamva za maliro Benedicto anayang'ana galimoto ija ndi maso ena, koma sanaleke kuifuna. Anakhosomola, anaitana mkazi wake, anaitananso a Zilole, azakhali awo a malemu, amene anabwera ndi lumo atamanga pamfundo ya chitenje. Tsikulo linali loti namfedwa amete. Munthu akataya mwamuna sachoka pakhomo asanamete: sapita kudimba, sapita kumsika, amangokhala pamphasa kulandira opepesa. Akameta ndiye kuti maliro aphwasulidwa, aliyense abwerera ku ntchito zake. Ndipo ometa amachokera kuchimuna.

"Mwambo mukuudziwa, alamu," anayamba Benedicto. "Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Pamenepo ife tilibe mawu, poti achimwene anali mkamwini pano. Koma khasu la mwamuna, jekete la mwamuna, njinga ya mwamuna, zimabwerera kwawo. Galimoto ndi njinga ya mwamuna."

"Tengani."

"Titenga bwanji popanda kiyi?"

"Mangani ng'ombe mukoke."

"Mukuona?" anatero Jakilini. "Munthu wofedwa amayankha chonchi?"

"Bwanji osaitana makaniko adzadule mawaya?" anafunsa a Kenan motsitsa mawu.

"Galimoto yothyola ogula amati ndi yakuba," Benedicto anayankha. "Komanso nkhani si imeneyo yokha. Tikalekerera akazi kubisa katundu wa malemu, mawa tidzalira. Kiyi akapezeka, azakhali ameta. Asanapezeke, lumo likhale pomwe lililo."

A Zilole anayang'ana pansi. Agnesi anatembenukira kwa mchimwene wake, poti nkhoswe ntchito yake ndi imeneyo. A Kenan anakanda chibwano.

"Mlongo, ngati ukudziwa, ungowapatsa. Zinthu zapadziko izi."

Agnesi anakumbukira kuti dzulo lake anawaona a Kenan kuseri kwa nkhokwe akulandira kapu ya chipani kwa Benedicto ndi manja awiri, akuwerama. Munthu amene anamuperekeza kuukwati, amene ankadya nkhuku pakhomo pano Khirisimasi iliyonse, anagulidwa ndi chipewa. Mwana wake yekhayo, Tamanda, anakwatiwa ku Harare, ndipo mwina uthenga wa maliro unali usanamupeze n'komwe. Woti amuyankhulire panalibe.

Chimene chinkamudya chinali kudimba. Kachewere wake anali atakhwima, masamba atauma kale, ndipo uno unali mwezi umene malole a ogula amaima pamsewu waukulu. Akachedwa, mfuko zidya zina, akuba akumba zina, zotsala ziolera m'nthaka. Chakudya chake cha chaka chonse chinali mmenemo. Ndipo panali china choposa kachewere. Namfedwa akakhalitsa osameta, anthu amayamba kunong'ona kuti pali mlandu, kuti akuchimuna akudziwa kanthu pa imfa ya mbale wawo. Agnesi anali atadwazika mwamuna wake mpaka mapeto, ndipo tsopano ankakhala pamphasa ngati wakuba woyembekeza chigamulo, chifukwa cha kachitsulo kosakwana chala.

Galimotoyo inabwera pakhomo chaka chimene anthu othawa nkhondo a ku Mozambiki anabwerera kwawo. A Gerevazio anali dalaivala wa bungwe lina limene linkagawa ufa ndi nyemba m'misasa yawo. Ntchito itatha bungwelo linawapatsa ndalama zotsazikira, n'kuika magalimoto ake akale pamalonda ku Dedza boma. Agnesi anapita nawo tsiku limenelo atavala chitenje chatsopano. Mumtima anali atasankha kale: pikapu ya Hilux, yoti izinyamula matumba a kachewere kuchokera pa Mpata mpaka kumsika, osapembedzanso eni ngolo. Ikalephereka imeneyo, ndalamazo zigule malata.

Amuna anzawo ankatsegula maboneti, kumvetsera injini, kusuzumira kunsi. A Gerevazio anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa luzi. Munthu wamtali, wowerama polowa m'nyumba yake yomwe, anagwada kutsogolo kwa Hilux n'kuyamba kuyesa kukula kwake ndi luzilo. Anapukusa mutu. Anayesa Pajero, anapukusanso mutu. Land Cruiser anangoidutsa. Anthu anayamba kukodolana, ndipo wina anafunsa mokweza ngati mdalayu wabwera kudzagula galimoto kapena kudzasoketsa buluku. Atafika pa ka Suzuki kamene aliyense ankakadumpha, luzi linakwana n'kutsalako, ndipo nkhope yawo inawala. Linali luzi limene anayesera pakati pa miyala ija ya pa Mpata.

"Iyi ikwera mpaka pakhomo," anatero.

"Ikwera ndi chiyani?" Agnesi anafunsa, manyazi atamugwira mpaka m'makutu. "Matumba angati alowa m'kabokosi aka?"

"Munthu alowa."

Agnesi anabwerera kumudzi pa basi. Analumbira kuti phazi lake silidzaponda m'galimoto imeneyo, ndipo lumbiro lake analisunga. Ankapita ku Misa wapansi, galimoto ikumudutsa itadzaza ndi ena.

Ndipo enawo sankasowa. Mayi wapakati, mwana wolumidwa ndi njoka, bambo wodzitema ndi nkhwangwa m'nkhalango, maliro ochokera kuchipatala, zonse zinkathera pa a Gerevazio. Wina ankathokoza ndi nkhuku, wina ndi mawu okha, mafuta ogula ndi kachewere wa Agnesi. Denga linakhalabe la udzu, ndipo dzinja lililonse iye ankatchera mabeseni m'chipinda. Mudzi wonse unkati munthuyu ndi wa Mulungu. Agnesi ankati n'kosavuta kukhala wa Mulungu ndi thukuta la mkazi wako.

Tsiku limodzi lokha limene galimotoyo ikanathandiza mwini wake, pamene chifuwa chinawagwetsa, iwo anakana. Anati ikhale pomwepo. Anatsika phiri atakwezedwa pakaliyala ya njinga, miyendo ikukwekwereza pansi, kukakwera matola pamsewu, Agnesi akutsatira pambuyo ndi mtolo pamutu. Anakhala nawo miyezi kuchipatala cha ku boma, akugona pasimenti pansi pa bedi lawo. Za kiyi sanatchulepo, ndipo iye sanafunse.

Kusaka kunapitirira. Jakilini atamaliza m'masutikesi anati munthu wamtali amabisa zinthu pamwamba, choncho anayamba kupapasa pamwamba pa zipupa, m'mitanda ya denga, kudenga la nkhokwe. Benedicto mwini anakwera pamtondo m'khitchini n'kupisa dzanja mu udzu, ndipo anatsika ndi mwaye pamalaya oyera ndi chisa cha makoswe. Anakhuthula ngakhale mtsuko wa nyemba za mbewu.

Akatopa ndi kusaka, Benedicto ankatuluka kukacheza ndi anthu obwera kudzapepesa. Ankagwira aliyense chanza ndi manja awiri, kufunsa za ana, kulonjeza kuti akangolowa m'Nyumba ya Malamulo miyala ya pa Mpata idzaphwanyidwa, msewu udzakula, ngakhale basi idzafika. Akamaliza ankafunsa ngati wina anaonapo pamene malemu ankasunga kiyi. Amuna ankayang'ana kuphiri. Amayi a mumphakati wa kutchalitchi, amene ankabwera kudzatunga madzi ndi kudzaimba nyimbo ndi Agnesi, ankayang'ana pansi.

"Ife za galimoto tidziwa chiyani, bwana?"

Agnesi ankawayang'ana mmodzimmodzi ndi mtima wonyansidwa. Uyu anaberekera m'galimotomo. Uyu mwana wake akuyenda lero chifukwa cha galimotomo. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti aime n'kunena kuti mayiyu sanabe kanthu, ametedwe. Ankangoimba za Yerusalemu watsopano n'kumapita kwawo kukakumba kachewere wawo.

M'mawa wina nkhungu isanachoke paphiri, anthu ali pakhonde kuwothera dzuwa, panjira yochokera kumtunda panaoneka gulu. Amuna ananyamula machira a bulangeti lomangirira pamtengo, amayi akutsatira pambuyo. Patsogolo pawo pankathamanga Yeremiya.

Yeremiya anali wa Payoniya m'masiku a chipani chimodzi. Gulu lawo litathetsedwa anabwerera kumudzi, ndipo anthu sankamupatsa moni, pamowa chipanda chinkamudumpha. A Gerevazio okha ndi amene ankayenda naye, poti ankadziwa kuyendetsa galimoto. Agnesi ankachiwerengera chimenechonso pa zopusa za amuna ake.

Yeremiya anafika n'kugwada chapatali, akupuma mwabefu.

"Pepani mayi, pepani mabwana. Ndi Sibongile, mkazi wa mng'ono wanga. Mwana wapingasa. Azamba ayesa chiyambire dzulo, alephera."

Benedicto anaimirira n'kukonza nkhope yachisoni, imene anali ataizolowera masiku amenewa. "Pepani kwambiri, abale anga. Tikanathandiza ndi mtima wonse. Koma galimotoyi, monga mukudziwa, ilibe kiyi. Izi ndi zimene ndikunena za msewu. Mukandisankha..."

M'machira muja munamveka kubuula, kotsika, kwa munthu amene mphamvu zolira zamuthera. Yeremiya anayang'ana amayi a mumphakati. Amayiwo anayang'ana pansi monga mwa masiku onse. Ndiye Yeremiya anaimirira, n'kutuluka pachipata cha mpanda, n'kunjuta kuseri kwa mzati woyang'ana kunjira. Panamveka kulira kwa chitini. Atadzuka, kiyi anali m'manja mwake, ali pa kawaya.

Agnesi sanayang'ane kiyiyo. Anayang'ana nkhope za anthu. Jakilini anali atatsegula pakamwa, a Kenan anali atagwira kapu yawo, koma mwa onse a m'mudzi panalibe wodabwa. Onyamula machira sanadabwe. Amayi oimba nyimbo aja sanadabwe. Onse ankadziwa, kuyambira tsiku loyamba. Ankadziwanso kuti kiyi akapezeka galimoto itsika phiri osabweranso, ndiye anasankha kuti iye akhale pamphasa osameta, zitenje zake zipondedwe, kachewere wake aole, dzina lake lide, bola galimoto ikhale. Ndipo mwamuna amene anagona naye mphasa imodzi kuyambira utsikana wake anauza mudzi wonse, mpaka wa Payoniya, koma iye ayi. Zinamupweteka kuposa mmene zinamupwetekera poona bokosi likutsikira m'manda.

"Bwera naye kuno kiyi ameneyo," anatero Benedicto, nkhope yachisoni ija itachoka. "Katundu ameneyu ali pamlandu. Sayenda."

Yeremiya anaima pakati pa bwalo, kiyi m'manja, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Munthu amene mudzi unali usanamukhululukire sakanalimbana ndi bwana wa jekete. Onyamula machira nawonso anangoima. Agnesi anawaona kuti ndi anthu otani: olimba mtima pobisa, amantha poyera. Mtsikanayo akanafera pabwalo pomwepo iwo akuyang'ana zala zakumapazi.

Agnesi anadzuka pamphasa, n'kumanga chitenje.

"Yeremiya, liza galimoto."

"Mlongo, ukupita kuti?" anafunsa a Kenan. "Sunamete. Suchoka pakhomo."

"Achimwene, valani chipewa chanu, dzuwa lingakuwotcheni."

"Alamu, ndikukuchenjezani," anatero Benedicto.

"Ine ndikukwera. Mukafuna kuiimitsa, mudzanditulutse ndi manja anu, anthu anu ovotawa akuona."

Anapita pachisakasa, n'kutsegula chitseko chakumbuyo, n'kulowa chokwawa. Munali fungo la petulo ndi la sopo amene amuna ake ankasambira. Anakhala motsamira mbali, n'kuuza amuna aja kuti amulowetse mtsikanayo mutu utsogole. Mutu wa Sibongile unagona pamiyendo pake, wotentha, wonyowa ndi thukuta. Anali mwana weniweni, wocheperapo kwa Tamanda. Mayi ake a Sibongile anakhala kutsogolo, Yeremiya analiza injini, ndipo Benedicto anapatuka yekha panjira kuti fumbi lisamudetse.

Galimotoyo inkagwedeza ngati lichero. Mwala uliwonse wa pamsewu Agnesi ankaumva m'msana, ndipo mumtima ankatukwana luzi, mwini luzi, ndi tsiku limene anavala chitenje chatsopano kupita ku boma. Koma dzanja lake linali pachipumi cha mtsikanayo, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu ena.

"Limba, mwana wanga. Usagone. Undiyang'ane ine."

Pa Mpata Yeremiya sanachepetse n'komwe liwiro. Miyala inadutsa uku ndi uku, pafupi moti munthu akanaikhudza ndi chala, ndipo galimoto inatulukira mbali inayo osakhudza paliponse. Agnesi anali atadutsa pamenepo wapansi moyo wake wonse, koma anali asanaonepo kuti mpatawo ndi wochepa chotero.

Kuchipatala cha mishoni ku Kasina anamwino anamulandira Sibongile mothamanga n'kutseka chitseko. Agnesi anakhala pakhonde, duku lakuda kumutu. Amayi ena odikirira odwala ankamuyang'ana cham'mbali, poti mbiri ya namfedwa wosameta inali itatsika kale phiri. Iye anawabwezera maso mpaka anatembenuka okha. Dzuwa litapendeka mwana analira m'katimo, ndipo mayi ake a Sibongile anatuluka n'kudzagwada pamapazi a Agnesi.

"Dzukani, mayi," anatero Agnesi. "Galimoto si yanga."

Pobwerera anakhala kutsogolo. Mpando wa dalaivala unali wokankhidwira kumbuyo mpaka pothera, malinga ndi miyendo ya mwini wake, ndipo Yeremiya ankayendetsa atakhala kumphepete kwake osausuntha.

Anapeza bwalo litadzaza. Onyamula machira aja anali asanachoke, ndipo ena ochokera m'midzi ya kumtunda anali atabwera kudzamva za mtsikanayo. Anakhala mumphepete mwa mpanda, amuna mbali iyi, amayi mbali iyo. Benedicto anali pa benchi yake ija pakhonde. Injini itazima anaimirira, n'kubwera, n'kutambasula dzanja.

Yeremiya anazula kiyi n'kumupereka kwa Agnesi ndi manja awiri.

"Mwana wabadwa, wamkazi," Agnesi anauza anthuwo. "Onse ali bwino." Panamveka kaphokoso kothokoza, ndipo iye sanakayembekeze kuti kathe. Anadutsa dzanja la mlamu wake ngati nthambi yotchinga njira, n'kutuluka pachipata.

Anayang'ana pamzati paja, pamwamba, pakati, osaona kanthu. Yeremiya analoza pansi. Msomali unali mmunsi kwenikweni, pofika bondo la munthu, ndipo pamsomalipo panakolekedwa kachitini ka mkaka kadzimbiri, kozondotsa. Msana wa Agnesi unali utauma ndi ulendo, choncho anachita kugwada. Anakoleka kiyi pamsomali.

"Alamu, kiyi wapezeka," anatero ali chigwadire, mokweza kuti onse amve. "Mwaona pamene amakhala. Sindinabise ine. Mukamufuna, si uyu, dzatengeni."

Benedicto anayang'ana mzati. Anayang'ananso anthu okhala mumphepete mwa mpanda, amene anawagwira chanza ndi manja awiri masiku onsewa. Ulendo uno palibe anayang'ana pansi. Kuti atenge kiyiyo anayenera kudutsa pakati pawo, n'kugwada pafumbi pamaso pawo. Anaika dzanja lija m'thumba.

"Za galimoto tidzakambirana bwino nthawi ina, ngati banja," anatero. "Si za changu."

A Zilole sanadikire kuti auzidwe. Anayamba kumasula mfundo ya chitenje chawo ndi mano, n'kutuma mmodzi wa amayi a mumphakati kuti atenthetse madzi. Amayiwo anadzuka atatu nthawi imodzi, aliyense kufuna kuoneka wothandiza. Agnesi anawaona, ndipo sanawakhululukire.

Anali akadali chigwadire. Yeremiya yekha ndi amene anatsala pafupi.

"Anakhoma liti msomali uwu?"

"Atayamba kudwala, mayi. Anakhoma okha."

"Nanga munthu wamtali ngati uja, kukhomera pansi chonchi bwanji? Analibe malo pamwambapa?"

"Ndinawafunsa," anatero Yeremiya. "Anati pamudzi pakavuta, akuluakulu amakhala atanyamula wodwala. Wothamanga kudzatenga kiyi amakhala mwana."

Agnesi anauyang'anitsitsa. Msomaliwo unali wopindika pang'ono, ndipo pamtengo panali zipsera za nyundo imene inaphonya kangapo.

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa.

Anatenga kachitini kaja, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kukavundikira bwinobwino pamwamba pa kiyi kuti mame asalowe.